Ulendo wanga wa ku Akihabara, ndi zoyenera kudziwa musanagule katundu wamagetsi ku Japan

Ntchito yanga ndi yokonza makompyuta, mafoni ndi mawailesi mumzinda wa Lilongwe, ndipo pamene mwayi unapezeka woti ndipite ku Tokyo kukachita nawo maphunziro a nthawi yochepa, amisiri anzanga sanataye nthawi kundifunsa za maphunzirowo, koma aliyense anabwera ndi kapepala ka zinthu zoti ndikamugulire ku Akihabara. Dzina la dera limeneli ndi lodziwika pakati pa anthu a zamagetsi, ngakhale amene sanakwerepo ndege, ndipo ambiri amakhulupirira kuti katundu wa kumeneko ndi wotchipa, wolimba, komanso woti ukangofika naye kuno n'kumulumikiza kumagetsi wayamba kugwira ntchito. Zakuti ndi wolimba ndinaziona ndi maso anga ndipo sindikutsutsa. Zakutchipa zimadalira chimene mukugula ndi khomo limene mwalowa. Koma zakuti katundu yense angagwire ntchito kwathu kuno si zoona, chifukwa zambiri zimene zili m'mashelefu a ku Akihabara zinapangidwira magetsi, mawailesi ndi chilankhulo cha ku Japan, ndipo mlendo wosadziwa zimenezi akhoza kutsanulira ndalama zake pa zinthu zimene zidzapsa tsiku loyamba kapena kungokhala m'kabati.

Za kafikidwe sindichulukitsa mawu. Mmalawi amafunika viza yolowera ku Japan, imene ndinakatenga ku ofesi ya kazembe wa dzikolo ku Lilongwe, ndipo ndinakwera ndege ya Ethiopian Airlines kudzera ku Addis Ababa, imene imaima pang'ono ku Incheon m'dziko la South Korea isanakatere pa bwalo la Narita. Kuchokera ku Narita, sitima ya Skyliner imafika ku Nippori pasanathe ola, ndipo pa Nippori pomwepo munthu amasinthira sitima ya Yamanote, ija imazungulira pakati pa mzinda wa Tokyo, imene imaima pa siteshoni ya Akihabara. Wochokera ku siteshoni yaikulu ya Tokyo amangodutsa Kanda, yotsatirayo n'kukhala Akihabara, pamene wochokera ku Ueno amadutsa Okachimachi. Chimene chinandipeputsira maulendo ndi khadi la Suica, limene umaikamo ndalama pa makina a pasiteshoni n'kumangoligunditsa pachipata polowa ndi potuluka, m'malo moima n'kumawerengera mtengo wa tikiti pa mapu odzaza ndi mayina achilendo. Ndalama ya kwacha siisinthidwa ku Japan, choncho ndinanyamula madola a ku America n'kuwasintha pa bwalo la ndege, ndipo pamene ndinafuna ndalama zina ndinakatapa pa makina a m'masitolo a 7-Eleven, amene amalandira makhadi a mabanki a kunja.

Siteshoni ya Akihabara ili ndi zipata zingapo, ndipo kusankha chipata n'kofunika chifukwa njanji zinalidula derali pakati. Chipata cholembedwa kuti Electric Town chimakutulutsirani kumadzulo, kumene kuli msewu waukulu wa Chuo-dori ndi timisewu tambirimbiri kuseri kwake. Kum'mawa kuli sitolo yaikulu ya Yodobashi Akiba, imene inatsegulidwa mu 2005, chaka chomwe njanji ya Tsukuba Express inayamba kunyamula anthu. Kulawirira sikuthandiza, chifukwa masitolo ambiri amatsegula cha m'ma 10 kapena 11 koloko m'mawa, ndipo ang'onoang'ono amayamba kutseka kukangoda. Muyeneranso kuzolowera kuyang'ana m'mwamba. Nyumba zambiri ndi zopapatiza koma zazitali, ndipo nsanjika iliyonse imakhala ndi malonda akeake, olembedwa pa chikwangwani cha pakhomo kapena pafupi ndi chikepe. Nsanjika yolembedwa kuti 1F ndi yapansi imene mwaimapo, pamene B1 ili kunsi kwa nthaka. Munthu woyenda mumsewu osakwera masitepe amaona gawo lochepa chabe la malonda a m'derali.

Ine ndinayambira kunsi kwa njanji, pa msika wotchedwa Akihabara Radio Center, chifukwa ndi m'malo otere momwe mbiri ya zamagetsi ya derali inayambira. Nkhondo yachiwiri ya padziko lonse itatha mu 1945, anthu ankayala zipangizo za mawailesi m'mphepete mwa misewu ya ku Kanda, ndipo ambiri mwa ogula anali ophunzira a sukulu ya zamagetsi ya pafupi, amene ankalumikiza okha mawailesi n'kumagulitsa kuti apeze chakudya. Mu 1949 akuluakulu a asilikali amene ankayang'anira dziko la Japan pa nthawiyo analamula kuti malonda a m'misewu achotsedwe, ndipo ogulitsawo anasamukira kunsi kwa njanji pafupi ndi siteshoni ya Akihabara. Pambuyo pake panabwera ma TV, mafiriji ndi makina ochapira, kenaka makompyuta, koma timabenchi ta kunsi kwa njanji tinakhalabe. Timafanana ndi timabenchi ta zitsulo ndi mawaya ta mumsika waukulu wa Lilongwe, kusiyana kwake n'kwakuti ku Akihabara kadilowa kalikonse kali ndi nambala ndi mtengo wake. Wina amagulitsa masiwichi okhaokha, wina mawaya okhaokha, wina mathiransifoma, wina mavalavu a mawailesi akale amene ndinali nditangowaona m'mabuku a kusukulu. Tinjira take n'tothina moti anthu awiri amapatukirana chammbali, ndipo denga limanjenjemera sitima ikamadutsa pamwamba.

Malo amenewa akuchepa. Msika wina woyandikana nawo, wotchedwa Radio Store, unatsekedwa mu 2013, ndipo m'tinjira timene ndinadutsamo munali zitseko zambiri zotsitsidwa, pamene ambiri mwa eni mabenchi otsala ndi anthu achikulire. Komabe kwa mmisiri ndi pano pamene pali phindu la ulendo wonse. Bambo wina wa imvi, amene sankadziwa Chingelezi monganso ine sindidziwa Chijapani, ndinangomupatsa kapasita yotupa imene ndinachotsa mu ampulifaya ya kasitomala wanga, ndipo anaitembenuza kamodzi, natsegula kadilowa, n'kundiyalira mitundu itatu yosiyana mitengo, kenaka n'kuloza imene iyeyo akanasankha. Ndiye langizo langa ndi lakuti nyamulani chitsanzo cha chinthu chimene mukufuna, kapena lembani nambala yake yeniyeni pa pepala, chifukwa kufotokoza ndi manja sikungakufikitseni patali pa zinthu zazing'ono chotere. Mtengo umalembedwa pa kalikuleta n'kukuonetsani, kunenerera kulibe, ndipo ndalama mumaika pa kambale kamene kali pa kauntala m'malo mopatsirana m'manja. Ambiri a ogulitsawa amafuna ndalama zenizeni, osati khadi.

Kuseri kwa Chuo-dori kuli masitolo awiri amene amisiri a ku Tokyo amadzazanamo, Akizuki Denshi ndi Sengoku Densho. Umatenga kathireyi pakhomo n'kumatolamo marezisita, mathiranzisita, mafyuzi, timagetsi ta LED ndi timabolodi ta Arduino kapena Raspberry Pi, ndipo pa kauntala amawerenga chimodzichimodzi mofulumira modabwitsa. Zinthu zotere ndi zopepuka, sizidya malo m'chikwama, ndipo zilibe nkhani yakuti zinapangidwira dziko liti. Chimodzimodzinso zida za m'manja za makampani a ku Japan monga Hozan, Engineer ndi Vessel: mapulayazi, masikuludiraiva ndi timbano togwirira tizinthu ta m'foni. Pa chowotcherera chokha m'pamene muyenera kuima kaye, chifukwa zowotcherera za Hakko kapena goot zimene zimagulitsidwa kumeneko zambiri ndi za magetsi a ku Japan, ngakhale dzina lake ndi lomwelo limene timalidziwa kuno. Ine ndinagula nsonga zake ndi mtovu wowotcherera, chowotchereracho n'kuchisiya.

Apa ndafika pa nkhani yaikulu. Magetsi a m'nyumba za ku Japan ndi a 100V, pamene a ESCOM, monganso a ku Zambia, Zimbabwe, Mozambique ndi South Africa, ali pakati pa 220V ndi 240V. Chinthu chopangidwira 100V chokha chikalumikizidwa ku magetsi athu chimapsa, nthawi zina pomwepo. Njira yodziwira ndi imodzi: tembenuzani chinthucho kapena chaja yake, muwerenge pamene palembedwa kuti INPUT. Ngati palembedwa 100-240V, chidzagwira ntchito kwathu, ndipo mungofunika adaputa chifukwa mapulagi a ku Japan ali ndi mano awiri afulati pamene masoketi athu ndi a mano atatu. Machaja ambiri a mafoni, malaputopu ndi makamera ali m'gulu limeneli. Ngati palembedwa 100V basi, chisiyeni. Zimene zimatenthetsa kapena kuzungulira ndizo zimakola anthu ambiri, monga miphika yophikira mpunga, maketulo, zositira, zoumitsira tsitsi, mafani ndi maampulifaya ena a nyimbo. Palinso nkhani ya 50Hz ndi 60Hz, liwiro limene magetsi amasinthasinthira, popeza chigawo cha Tokyo chimagwiritsa ntchito 50Hz ngati ife pamene chigawo cha Osaka chili pa 60Hz, koma imeneyi ndi yaing'ono poyerekeza ndi ya mphamvu ya magetsi.

Mnzanga wina amene tinali naye pa maphunzirowo, wochokera kumadzulo kwa Africa, anakopeka ndi mphika wophikira mpunga umene ankafuna kukapatsa mayi a kunyumba kwake. Mayi wogulitsa m'sitoloyo atamva kumene ukupita anautembenuza, naloza pamene panalembedwa 100V, n'kupingasitsa manja ake pachifuwa, chimene ndi chizindikiro cha kukana ku Japan. Anatitsogolera ku gawo la katundu wopangidwira kunja, kumene kunali miphika ya 220V ndi 240V yokhala ndi mabatani a Chingelezi, koma mitundu yake inali yochepa ndipo mitengo inali yokwererapo. Masitolo akuluakulu ambiri ali ndi gawo lotere, ndipo ndi bwino kulifunsa mukangolowa. Ena amati vutoli limatha ndi thiransifoma yotsitsa magetsi, ndipo n'zoona, koma thiransifoma yokwanira kuyendetsa mphika kapena ketulo ndi chitsulo cholemera chimene chidzadya makilogalamu anu a mundege, ndipo tsiku limene mwana kapena mlendo adzalumikize mphikawo molunjika ku soketi ndi tsiku lomaliza la mphikawo.

Magetsi si msampha wokhawo. Aliyense amene anayendetsapo galimoto yochokera ku Japan akudziwa kuti wailesi yake imathera pa 90, ndipo masiteshoni ambiri a kuno sagwira mpaka mmisiri ataikamo kachipangizo kowonjezera. Chifukwa chake n'chakuti FM ya ku Japan imayambira pa 76MHz, pamene yathu imayambira pa 87.5 kukafika pa 108. Ndiye pogula kawailesi ka m'manja, onetsetsani kuti manambala ake akufika pa 108. TV ya ku Japan imalandira zithunzi m'njira yotchedwa ISDB-T, yosiyana ndi DVB-T2 imene Malawi imagwiritsa ntchito, choncho payokha singagwire masiteshoni athu. Laputopu ya kumeneko imabwera ndi kiyibodi ya Chijapani, imene ili ndi mabatani owonjezera, batani la mpata lalifupi, ndi chizindikiro cha @ chili pafupi ndi P m'malo mokhala pa 2. Munthu amazolowera, koma kasitomala amene mukufuna kumugulitsa akhoza kuikana. Windows yake imakhala m'Chijapani, ndipo ndi bwino kupempha wogulitsa akuthandizeni kusintha chilankhulo musanatuluke. Makamera ena ogulitsidwa ku Japan ali ndi malangizo a pasikirini a Chijapani chokha osatheka kusintha. Ndipo waranti ya katundu wambiri imagwira ntchito m'dziko la Japan lokha, kutanthauza kuti mukangokwera ndege mwatsala nokha ndi luso lanu.

Katundu watsopano sindinamupeze wotchipa kwenikweni, kupatula kuti m'sitolo ngati Yodobashi kapena BicCamera umatha kugwira ndi kuyesa chilichonse usanagule. Kutchipa kwenikweni kuli pa katundu wogwiritsidwapo kale ntchito, m'masitolo monga Sofmap, Janpara ndi Iosys, ndi m'timasitolo ta kuseri. Anthu a ku Japan amasamala zinthu zawo, moti foni imene yalembedwa kuti ili ndi zokanda umachita kuiyang'anitsitsa pa kuwala kuti uzione. Katundu amaikidwa m'magulu a zilembo, A kukhala wooneka bwino, B ndi C kumatsika, ndipo vuto lililonse limalembedwa pa kapepala ka mtengo. Kapepalako kali m'Chijapani, choncho foni yokhala ndi pulogalamu yomasulira pogwiritsa ntchito kamera ndi chida chofunika kuposa chikwama cha ndalama. Malaputopu a m'maofesi amene makampani asintha, monga a ThinkPad ndi a Let's note a Panasonic, amapezeka ambirimbiri pa mitengo yabwino.

Pa mafoni pali zinthu zitatu zoti mufunse. Choyamba ndi ngati foniyo ndi yomasuka kulandira simukhadi iliyonse, chifukwa ngakhale boma la Japan linaletsa kumanga mafoni atsopano ku kampani imodzi kuyambira mu Okutobala 2021, akale omangidwa akadalipo m'mashelefu. Chachiwiri ndi chizindikiro cha ngongole: kamzere kozungulira kamatanthauza kuti foniyo inalipiridwa yonse, ka makona atatu kuti mwini wake woyamba sanamalize kulipira, ndipo mtanda kuti kampani inaitsekera. Chachitatu ndi thanzi la batire, limene ogulitsa ambiri amakulolani kuona. Dziwaninso kuti mafoni ambiri a ku Japan amalira pojambula chithunzi ngakhale mutatseka mawu. Kenaka pali mabokosi oikidwa panja pa masitolo, odzaza ndi katundu wotchedwa junk, amene amagulitsidwa popanda lonjezo lililonse ndipo sabwezedwa. Kwa munthu wamba amenewa ndi malo otayira ndalama, koma kwa wokonza zinthu ndi nkhokwe ya masikirini, mahinji, mafani ndi makiyibodi ochotsa m'makina akufa. Ndinakhala nthawi yaitali nditagwada pa mabokosi amenewa pamodzi ndi azibambo ovala masuti amene anali atangoweruka kuntchito.

Msonkho wa pa malonda ku Japan ndi 10 peresenti, ndipo timapepala tambiri timaonetsa mitengo iwiri, wopanda msonkho ndi wophatikiza msonkho, kotero yang'anani wophatikiza msonkhowo. Mlendo wolowa m'dzikolo kwa nthawi yochepa, amene pasipoti yake inamatidwa kapepala ka Temporary Visitor pa bwalo la ndege, amachotseredwa msonkhowu m'masitolo olembedwa kuti Tax Free akagula zinthu zokwana 5,000 yen kapena kuposerapo m'sitolo imodzi pa tsiku limodzi. Pamafunika pasipoti yeniyeni, osati fotokope, ndipo katunduyo ayenera kutuluka nanu m'dzikolo. Pamene ndinaliko msonkhowo unkachotsedwa pa kauntala pomwepo, koma boma la Japan linalengeza kuti kuyambira mu Novembala 2026 mlendo azilipira mtengo wonse n'kudzabwezeredwa msonkho potuluka, choncho funsani mmene zilili pa nthawi imene mukupita. Timabenchi ndi timasitolo ta kuseri tambiri tilibe dongosolo limeneli.

Wopita ku Akihabara chifukwa cha mawaya okha sangapewe kuona kuti lero derali lili m'manja mwa anthu ena. Kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1990, masitolo a makatuni a ku Japan otchedwa anime, mabuku a nkhani zojambula otchedwa manga, magemu ndi zidole anayamba kulanda malo a masitolo a mafiriji, ndipo tsopano makoma a nyumba za m'mbali mwa Chuo-dori ndi okutidwa ndi zithunzi zikuluzikulu za anthu a m'makatuni. Nyumba ya Radio Kaikan, imene inatsegulidwa mu 1962 n'kumangidwanso mu 2014, inasunga dzina la wailesi koma m'kati mwake mwadzaza zidole, makhadi osewerera ndi timagalimoto ndi tindege tolumikiza wekha. Mandarake Complex ndi nyumba ya nsanjika 8 ya mabuku ndi zidole zakale. Ndinalowamo ndikuganiza kuti ndi malo a ana, koma ogula ambiri anali akuluakulu, ena a msinkhu wanga, amene ankayang'ana chidole m'galasi mosamala monga ine ndimayang'anira bolodi ya foni. Pa Super Potato, sitolo ya magemu akale, ndinaona makina a Famicom a mu 1983 ndi a Game Boy a mu 1989 ali oyera, oyesedwa, ena ali m'mabokosi awo ndi timabuku tawo. Monga wokonza zinthu, ndinachita kaso kuona kuti pali anthu amene ntchito yawo ndi kusunga makina a zaka 40 akugwirabe ntchito, ndiponso kuti pali ogula olipira bwino luso limenelo.

Kwa kholo ndili ndi chenjezo. Zithunzi zina za atsikana a m'makatuni, ngakhale zimene zili poyera mumsewu, n'zoti kwathu sitingazipachike pamene pakudutsa ana, ndipo masitolo ena ali ndi nsanjika kapena ngodya za akuluakulu okha, zolembedwa nambala 18 pakhomo kapena pa katani. Ngati muli ndi ana, yambani mwakwera nokha kukaona. Chenjezo lina ndi la makobidi a 100 yen, amene amatha mosadziwika. Makina a gachapon, amene umaponyamo makobidi n'kupotokola kuti kagwe kampira kokhala ndi kachidole m'kati, ali paliponse, ndipo ku Gachapon Kaikan adzaza chipinda chonse. Amenewa ndi abwino pogula timphatso ta ana chifukwa kanthu kamatuluka ndithu. Makina ena, a dzanja lachitsulo lonyamula chidole m'bokosi lagalasi, ndi nkhani ina, chifukwa dzanjalo limagwira mofooka ndipo ndinaona anthu akubwerera kukasintha ndalama kambirimbiri. Zidole zomwezo zimapezeka m'masitolo a timakabati tagalasi, mmene anthu amachita lendi kabati kuti agulitse zinthu zawo, zili ndi mtengo wodziwika.

M'timisewu ta kuseri mumaima atsikana ovala ngati antchito a m'nyumba za azungu akale, akugawa timapepala toitanira anthu ku malo omwera khofi otchedwa maid cafe. Oyamba okhazikika a mtundu umenewu, Cure Maid Café, anatsegulidwa ku Akihabara mu 2001. Anzanga anandikokera ku ena mwa malowa, ndipo chimene ndinapeza ndi sewero: mlendo amalandiridwa ngati bwana wobwerera kunyumba kwake, pa chakudya amajambulapo kanyama ndi msuzi wa tomato, ndipo onse amaombera m'manja ndi kuimba chakudyacho chisanadyedwe. Ine ndinakhala womangika, koma pa matebulo ena panali mabanja ndi magulu a atsikana amene ankasangalala kwambiri. Malamulo ake ndi okhwima, chifukwa wogwira ntchito sakhudzidwa, safunsidwa za moyo wake, ndipo sajambulidwa ndi foni yanu. Chithunzi chimalipiridwa pachokha. Pamakhala ndalama yolowera yowerengedwa pa ola, kuwonjezera pa chakumwa chimene aliyense ayenera kugula, choncho onani mitengo yolembedwa musanakwere masitepe, ndipo musatsatire aliyense amene sakufuna kuionetsa. Atsikana a mumsewuwo nawonso safuna kujambulidwa. Okonda nyimbo amapita ku nsanjika ya nambala 8 ya sitolo ya Don Quijote, kumene kuli bwalo la gulu la oimba la AKB48, limene linayambira pomwepo mu 2005.

Tsiku labwino loonera derali ndi Lamulungu, pamene msewu wa Chuo-dori umatsekedwa kwa magalimoto kuyambira 1 koloko masana mpaka 6 koloko madzulo, kapena 5 koloko kuyambira Okutobala mpaka Malichi, ngati kulibe mvula. Mwambowu unaimitsidwa pambuyo pa tsoka la pa 8 Juni 2008, pamene munthu wina anagunda anthu ndi lole n'kubaya ena ndi mpeni, anthu 7 n'kumwalira, ndipo unayambiranso mu Januwale 2011 ndi malamulo oletsa zionetsero ndi malonda mumsewumo. Koma ngati cholinga chanu ndi kugula zipangizo, pitani m'kati mwa sabata, pamene ogulitsa ali ndi mpata wokuthandizani. Lamulo la Japan limafuna kuti mlendo aziyenda ndi pasipoti nthawi zonse, ndipo apolisi ali ndi ufulu woifunsa. Boma la dera la Chiyoda, limene mbali yaikulu ya Akihabara ili pansi pake, linaletsa kusuta fodya m'misewu kuyambira mu 2002, ndipo wolakwa amalipira chindapusa. Mabini a zinyalala ndi osowa, choncho sungani kajumbo m'chikwama.

Miyendo ikatopa, chakudya chotsika mtengo chili m'malo monga Yoshinoya, Sukiya ndi Matsuya, kumene mbale ya mpunga ndi nyama ya ng'ombe imabwera pa mphindi zochepa, ndipo m'malo ena umayamba wagula tikiti pa makina a pakhomo n'kuipereka kwa wophika. Ndalama yothokozera woperekera zakudya siiperekedwa. Pofuna kupuma phokoso ndinakwera kamtunda kupita ku Kanda Myojin, kachisi wa chipembedzo cha Shinto amene mbiri yake imati anakhazikitsidwa m'chaka cha 730 n'kusamutsidwira pamalo pamene ali lero mu 1616. Pakati pa zithumwa zimene amagulitsa pali china chotetezera makompyuta ku mavuto, ndipo ogwira ntchito m'makampani a zamakono amachigula mosachita manyazi, ine ndinangoyang'ana. Kumwera kwa siteshoni, kutsidya kwa mtsinje wa Kanda, kuli zipupa za njerwa zofiira za siteshoni yakale ya Manseibashi ya mu 1912, zimene mu 2013 zinasandutsidwa timasitolo ndi malo odyera, ndipo pamwamba pake pali pokhala pamene sitima za Chuo zimadutsa mbali zonse ziwiri.

Chilichonse chimene mwagula chiyeseni usiku womwewo kumene mukugona, chifukwa masiku obwezera katundu wogwiritsidwapo kale ntchito ndi ochepa, ndipo sitolo idzafuna lisiti ndi bokosi lake. Polongedza, mabatire apadera ndi mapawabanki saloledwa m'chikwama chopita kunsi kwa ndege. Ayenera kukhala m'chikwama cha m'manja, ndipo opitirira 100Wh amafuna chilolezo cha kampani ya ndege. Zida zosongoka monga masikuludiraiva ndi mapulayazi ndizo zimapita kunsi. Tizipangizo ting'onoting'ono ndinatisiya m'timapepala take tolembedwa manambala, chifukwa marezisita akasakanikirana ntchito yowasankhula ndi ya tsiku lathunthu. Malisiti onse asungeni pamodzi, ndipo pa lililonse lembani ndi cholembera dzina la chinthucho m'Chingelezi, popeza amasindikizidwa m'Chijapani ndipo inki yake imafufutika msanga. Pa bwalo la ndege la Kamuzu, a MRA amafuna kudziwa mtengo wa katundu amene mwalowa naye, makamaka ngati mafoni kapena malaputopu ali angapo, choncho ndalama ya msonkho wa kuno iwerengereni pamodzi ndi mtengo wogulira mudakali m'sitolo ku Akihabara.